Chiwaya cha Amayi Lumturi Chikwera Ndege

Apongozi anga, amayi Lumturi, sakhulupirira wotchi. Ali nayo, inde, yomwe anawagulira mwana wawo Sokol, amene ndi mwamuna wanga, koma imangogona m'kabati pamodzi ndi makapu a alendo. Iwo nthawi amaiyeza ndi uvuni. Chiwaya chimodzi cha bireki, chakudya chathu cha ufa wosanjikiza, chimapsa pa mphindi 55, ndipo muyeso wawo wa dziko lonse ndi umenewo. Mukawafunsa kuti kuchipatala anakhalako nthawi yaitali bwanji, amati, "Ziwaya ziwiri." Msonkhano wa anthu a m'nyumba yathu yosanjayi amati umatenga ziwaya zinayi koma palibe chimene chimapsa.

Anayamba kukanda ufa ali ndi zaka 16, m'khitchini ya fakitale ya nsalu kuno ku Kombinat, kumapeto kwa Tirana. Fakitaleyo itatsekedwa, anthu ambiri anakhala pansi n'kumadandaula. Iwo anabwereka hamala, n'kuboola khoma la chipinda chawo chapansi, n'kuikapo zenera, basi malonda anayambira pomwepo. Padutsa zaka makumi atatu akusalaza ufa ndi kamtengo kawo mpaka upyapyale ngati pepala, kusanjikiza, kuthira sipinachi ndi tchizi, kusanjikizanso. Madalaivala a basi amaimika basi yodzaza ndi anthu kuti agule kachidutswa, ndipo okwerawo sadandaula chifukwa nawonso amatumiza ndalama zawo pazenera. Pano ali ndi zaka 74. Mawondo anatha kalekale, koma mikono ija musayerekeze kulimbana nayo.

Ine ndine Teuta. Ndimagwira ntchito mu ofesi yogulitsa matikiti a ndege, ndipo mtunda wa pakati pa mizinda ndimaudziwa pamtima monga iwo amadziwira mchere. Ndakhala m'banjali zaka 19, ndili ndi imvi, koma amanditchulabe nuse, mkwatibwi, ngati ndafika dzulo. Ntchito yanga sanailemekezepo. Amati ine ndimadya potumiza ana a eni kutali. Ndinawapatsapo tikiti yaulere katatu konse, katatu konse anandibwezera amvekere, "Nuse, ukandiona ndamera nthenga udzandiuze."

Apongozi ali ndi mkulu wawo mmodzi yekha, amayi Feride, amene anatsatira mwana wawo Astrit ku Bari, kutsidya kwa nyanja, zaka zoposa makumi awiri zapitazo. Mwezi uliwonse apongozi ankawatumizira bireki kudzera mwa dalaivala wa lole amene amawoloka pa sitima yapamadzi kuchokera ku Durres. Sitimayo imayenda maola khumi, ndipo bireki ankafika mawa lake ali zii. Choncho m'mutu mwa apongozi, Bari unali mzinda wa kutali zedi. Sizinkawavuta, chifukwa chilimwe chilichonse amayi Feride ankabwera okha, n'kukhala pa kampando pafupi ndi uvuni, kudya wotentha kwinaku akunyoza mchere.

Chaka chatha amayi Feride anaterereka m'bafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Opaleshoni inayenda bwino, koma atatuluka m'chipatala analeka kudya. Astrit anatiimbira foni. Anati mayi ake amangolawa supuni ziwiri za supu n'kutembenukira kukhoma, ndipo dokotala wanena kuti akapitiriza chonchi sadzadzukanso pabedipo. Titawaona pa foni ndinachita mantha. Nkhope inali itatha, patangotsala magalasi.

"Achemwali," anatero apongozi akukuwa, poti amakhulupirira kuti foni ya kunja imafuna kukuwa, "bireki ndinakutumizirani Lachiwiri uja mwadya?"

"Uti? Chikopa cha nsapato chija?" anayankha amayi Feride. "Iwe Lume, bireki wotenthetsa kachiwiri ndi mtembo wosambitsa. Wa mu uvuni wako ndinadya komaliza chilimwe chatha, ndipo kunali komaliza ndithu. Usamavutike n'kutumiza, ukungonenepetsa Astrit."

Foni itadulidwa, apongozi anakhala pansi. Ine ndinati, "Amayi, bwanji mupite mukawaphikire komweko?"

"Mu kabokosi ka magetsi ka Astrit kaja? Uvuni wa eni sundidziwa, inenso sindiudziwa. Ufa wa kumeneko ndi wina, madzi ndi ena. Mkazi wa Astrit anayesa, achemwali anamufunsa ngati akufuna kuwapha msanga."

Ndinali nditatopa tsiku limenelo, ndipo ndinangolankhula mosaganiza kwinaku ndikuvula nsapato. "Zachisoni bwanji. Chonsecho pa ndege ndi mphindi 55 zokha."

"Wati bwanji?"

"Tirana mpaka Bari. Makilomita 250 basi. Ku Saranda, m'dziko mwathu momwemuno, pamsewu n'kutali kuposa pamenepo."

"Mphindi zingati?"

"55, Amayi."

Anaimirira osagwira n'tebulo lomwe, mawondo aja aiwalika. "Chiwaya chimodzi? Nuse! Mkulu wanga wakhala chiwaya chimodzi kuchokera pakhomo pano zaka zonsezi, iwe uli phee?"

"Ndinakupatsani tikiti katatu!"

"Unandipatsa pepala. Unanena za chiwaya iwe?"

Ndinapsa mtima, sindinama, koma mkwiyowo sunakhalitse, chifukwa maso awo anali akuwala ngati a mwana amene walonjezedwa nsapato. Anandigwira pamkono n'kunena kuti bireki achoka mu uvuni wawo, awoloka nyanja, ndipo akalowa m'kamwa mwa mkulu wawo akadali wotentha. Anati ine ndipita nawo, popeza ndine amene ndinabisa nkhaniyi.

Ndinayesa kuwafotokozera kuti mphindi 55 ndi za m'mwamba mokha. Pali ulendo wa kubwalo la ndege, pali mizere, pali kudikira, pali kudinditsa pasipoti kutsidyako, kenako galimoto ya Astrit. Ndinatenga pensulo n'kuphatikiza zonse mothina kwambiri, opanda chikwama chachikulu, opanda kupita kuchimbudzi. Zinakwana maola atatu ndi mphindi makumi awiri. Ndinkaganiza kuti agwa ulesi. Iwo anangoti, "Ndiye tione kuti bireki amapirira maola angati."

Mlungu umenewo nyumba yathu inasanduka malo oyesera zinthu. Ankaphika chiwaya, kuchikulunga, kuchiika pampando, n'kukhala pambali pake akuchiyang'anira. Tawulo yokha inasunga moto ola limodzi ndi theka. Tawulo ndi nyuzipepala, maola awiri. Kenako anatulutsa bulangete laubweya wa nkhosa limene anabwera nalo pa ukwati wawo, lolemera ngati mwana wa ng'ombe, ndipo linafikitsa maola atatu. Bireki woyeserayo ankadya anthu oyandikana nafe, moti pofika Lachinayi ena ankabwera ndi mbale zawo kudzafunsa kuti kafukufuku akuyenda bwanji.

Vuto linabuka nditabwera ndi tepi yoyezera. Chiwaya chawo chamkuwa n'chachikulu ngati tayala la njinga, pamene chikwama chololedwa kulowa nacho m'ndege n'chaching'ono choti chikwane pansi pa mpando. Ndinati timudule bireki m'zidutswa. Anandiyang'ana ngati ndatukwana pamaliro.

"Ukamudula moto umathawira pabala. Anakuphunzitsa ndani iwe?"

"Ndiye chiwayacho tichigulire mpando wake?"

"Zimatheka?"

"Amayi!"

Anatipulumutsa ndi mmisiri wina wosula ziwiya kumsika wakale. Anamvetsera nkhani yonse ndudu ili pakamwa, n'kutisulira chiwaya chaching'ono koma chakuya, chokhuthala pansi, chokhala ndi chivundikiro chothina. Ndi chimenecho, pamodzi ndi bulangete limene apongozi analidula pakati akusisima, moto unakhala maola atatu ndi theka. Ndiye kuti tinali ndi mphindi khumi zokha zapadera. Iwo anafuna kuwonjezera njerwa yotentha pansi pake. Ndinati, "Njerwa yotentha, yokulunga m'bulangete, pabwalo la ndege? Mukufuna tikaoneke pa TV madzulo ano?" Njerwayo inatsala.

Pamenepo n'kuti msewu wonse utamva. Kuno kwathu palibe khomo lopanda mwana kunja, choncho amayi anayamba kuunjikana pazenera paja kufunsa za ana awo. Apongozi anandilamula kulemba pakatoni n'kupachika pamwamba pa mitengo ya malonda. Roma, chiwaya chimodzi ndi theka. Milano, ziwiri. London, zitatu ndi theka. Anthu ankaima n'kumawerenga pakamwa pali yasa, ena akuseka, mayi wina akupukuta misozi chifukwa mwana wake wa ku Roma anali asanamuone zaka zinayi. Bambo wina wokalamba anafunsa za Toronto. Nditamuuza kuti n'zoposa ziwaya khumi, apongozi anapukusa mutu. "Aaa, ameneyo azingodya buledi wa komweko."

Tsiku la ulendo linali Loweruka, ndege ya 12:40 masana. Apongozi anavala diresi yawo yakuda ya maukwati ndi nsapato zothamangira za mdzukulu wawo. Sokol analiza injini n'kuimika galimoto pakhomo, zitseko zili chitsegulire. Itangokwana 11 koloko chiwaya chinatuluka mu uvuni chikulira mafuta. Chivundikiro, tawulo, nyuzipepala, bulangete, chikwama, zipi, zonsezi sizinathe mphindi imodzi chifukwa tinali titayeserera kasanu. Anthu anali atadzaza panja ngati pali mkwati. Mayi wa pakhomo loyandikana ndi lathu anatikhuthulira madzi kumbuyo kuti ulendo uyende bwino, ndipo ananyowetsa mwamuna wake amene anaima polakwika.

"Ponda, Sokol!" anakuwa apongozi chikwama chili pamiyendo. "Ukuyendetsa ngati wanyamula mazira!"

"Amayi, kutsogoloku kuli apolisi."

"Akakuimitsa ndiwanunkhiritsa, atiperekeza okha!"

Pabwalo la ndege mtima wanga unali m'mwamba chifukwa cha malo ofufuzira katundu. Chikwama chinalowa m'makina, lamba anaima, ndipo mlonda wina wamtali anayang'anitsitsa pa kanema wake. Anatikodola.

"Amayi, chachitsulo chobulungirachi n'chiyani? Tatsegulani."

"Mwana wanga, ndikatsegula moto uthawa. Ndi wa wodwala."

"Pepani amayi, ndi lamulo. Ndiyenera kuona."

Apongozi anapuma mozama, n'kumasula bulangete mwachangu, n'kutukula chivundikiro pang'ono chabe. Fungo linatuluka n'kudzaza malo onsewo, moti anthu a pamzere wina anatembenuka. Mlondayo anasuzumira, n'kumeza malovu.

"Wa sipinachi?"

"Ndi tchizi cha ku Gjirokastra."

"Tsekani msanga, amayi, angazizire!" Ndipo anathandiza yekha kukoka zipi.

M'ndege apongozi anakhala pazenera, chikwama pansi pa mpando, mapazi awo atachipana uku ndi uku. Lamba ndinawamanga ndine. Nthawi yonyamuka inakwana, ndege osasuntha. Mphindi zisanu, khumi. Kenako mawu anamveka kuti tidikira pang'ono chifukwa kumwamba kuli ndege zina. Ndinayang'ana foni yanga. Mphindi khumi zathu zija zinali zitapita kale.

"Nuse, dalaivala ali kuti? Ndikufuna ndilankhule naye."

"Sizitheka, Amayi, amadzitsekera."

"Mwana wa ndani? Mwina amake ndimawadziwa."

Anaitana mtsikana wothandiza anthu m'ndegemo n'kumufotokozera zonse, kuyambira pa bafa mpaka pa bulangete, mokweza mawu ngati ali pa foni ya kunja. Pomaliza theka la ndege linali likudziwa za chiuno cha amayi Feride. Bambo wina wonenepa, womanga nyumba ku Bari, amene anakhala kumbuyo kwathu, ankafunsa mphindi iliyonse kuti, "Akadali moyo, amayi?" Apongozi ankagwira chikwama ndi dzanja n'kuyankha, "Akupumabe." Tinakhala pansi mphindi 25 zathunthu.

Kenako injini zinabangula, ndege inathamanga, ndipo tinanyamuka. Ine ndimayembekeza kuti alira kapena apemphera. Iwo anaphulika kuseka! Anandifinya dzanja mpaka mphete inandilowa m'chala, akukuwa, "Mayo ine! Nuse, taona, taona! Nyumba zasanduka nyemba!" Posakhalitsa pansi panaoneka Durres, kenako madzi okhaokha, ndipo pamadzipo kanthu koyera kakukwawa.

"Kajako n'chiyani?"

"Sitima ija, Amayi. Imene imanyamula bireki wanu mwezi uliwonse."

"Kameneko? Kaulesi bwanji! N'chifukwa chake ankafika ali zii." Anakaloza ndi chala ngati akudzudzula wantchito.

Sanayang'ane wotchi ngakhale kamodzi, koma ulendo wonse ankauona mu uvuni. Patapita kanthawi anati, "Apa m'pamene mafuta amayamba kulira." Kenako, "Apa ndimatembenuza chiwaya." Atangonena kuti m'mphepete mwayamba kufiira, makutu anatseka ndipo ndege inayamba kutsika. Kutsogolo kunaoneka gombe lina, minda ya maolivi, ndi nyumba zoyera. Matayala anagunda pansi titakhala m'mwamba mphindi 47 zokha. Anthu anawomba m'manja monga timachitira ife, ndipo apongozi anawomba kuposa onse.

"Dalaivalayu wachotsa asanapse," anatero, "koma lero ndamukhululukira."

Pamzere wa mapasipoti panali anthu ngati zana, chifukwa ndege ina inatera patsogolo pathu. Koma bambo wonenepa uja anapita kutsogolo n'kutambasula manja. "Abale anga! Bireki wotentha, wochokera ku Kombinat, wa mayi wodwala! Patukani!" Sindinaonepo anthu akwathu akupereka malo pamzere, ngakhale kwa mayi woyembekezera amayamba afunsa kuti ndi miyezi ingati. Tsiku limenelo anapatuka, ena akutisisita pamsana, ena akukuwa kuti tithamange. Wodinda mapasipoti, posadziwa chilankhulo chathu, sanamve kanthu pa zimene zinkanenedwa. Anangoona gogo wovala nsapato zothamangira atakumbatira chikwama, n'kudinda.

Astrit anali panja injini ikulira. Anafuna kupsompsona amayi ake aang'onowo masaya onse awiri, koma iwo anamukankhira pachiwongolero. "Moni tikapatsana bireki akadyedwa. Tiye!" Anayendetsa bwino mwanayo, ndimuyamikire, koma maloboti a ku Bari onse anapangana kufiira tsiku limenelo. Pamene tinkakwera masitepe a nyumba yawo, apongozi atatsamira paphewa langa akupuma movutikira, foni yanga inkaonetsa kuti padutsa maola atatu ndi mphindi 45. Sindinawauze.

Amayi Feride anali chogona pabedi pafupi ndi zenera, ang'onoang'ono ngati mwana. Astrit anali asanawauze kuti tikubwera. Iwo anatiyang'ana nthawi yaitali.

"Lume? Wafa ndani?"

"Palibe wafa, achemwali, ndipo palibe afe. Dzukani mukhale tsonga. Astrit, mpeni ndi mbale!"

Anaika chikwama pabedi pomwepo, n'kumasula bulangete, nyuzipepala, tawulo. Anatukula chivundikiro, n'kuika chala m'mphepete mwa bireki. Ndinaona nkhope yawo ikugwa. M'mphepetemo munali mongofunda chabe. Ndinamva chisoni chachikulu, ndipo ndinadziimba mlandu, ngati kuti ndege ija ndinaichedwetsa ndine. Mlungu wonse uja, bulangete la ukwati, anthu onse aja pamzere, zonse n'kuthera pa chala chimodzi.

Apongozi anagwira mpeni n'kuima kaye. Bireki amadulidwa kuyambira m'mphepete, aliyense amadziwa, ndipo iwo anachotsapo wantchito chifukwa chodula mokhota. Koma apa anabaya pakati penipeni, n'kuzungulitsa mpeni, n'kutukula kachidutswa kobulungira. Nthunzi inatuluka pabowopo yoyera, yochuluka, n'kukwera molunjika pankhope ya amayi Feride mpaka magalasi awo anachita chifunga.

Amayi Feride anatambasula dzanja, n'kutenga kachidutswako ndi zala, n'kuluma. Nthawi yomweyo anatsegula pakamwa, akupemerera ndi dzanja linalo.

"Iwe Lume! Wawoloka nyanja yonseyi kuti udzandiwotche lilime?"

Anauzira, n'kulumanso. Anauziranso, n'kuluma kachitatu, mafuta akutsikira pachibwano. Astrit anatembenukira kukhoma mapewa akugwedezeka. Ine ndinalira poyera, sindinabise. Apongozi anangokhala pansi m'mphepete mwa bedi, mpeni uli m'manja.

Amayi Feride anamaliza, ananyambita zala chimodzichimodzi, n'kuvula magalasi kuti amuone bwino mng'ono wawo.

"Nanga ukungondiyang'ana chiyani? Dula china asanazizire."